Lolemba, 3 Febuluwale 2025: msika wa osewera ukutseka usiku uno

Gulu lathu la pa WhatsApp la Fantasy Premier League (masewero a pa intaneti osankha timu ya osewera enieni a ligi ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera) ladzuka ndi nkhani ya Marcus Rashford. Usiku wathawu Aston Villa yalengeza kuti yamutenga pa ngongole kuchokera ku Manchester United mpaka kutha kwa sizoni, ndipo pomwe ndimakwera minibasi yopita kuntchito, anzathu ena anali atatumiza kale zithunzi za matimu awo, Rashford ali momwemo. Wina analemba kuti, "Amwene, munthuyu amumasula, muona zinthu." Womasulidwayu sanasewerepo mpira wa mpikisano chichokereni pa 12 Disembala, tsiku lomwe United idakumana ndi Viktoria Plzen. Patangopita masiku atatu mphunzitsi wa United Ruben Amorim adamusiya kunja pa masewero a Manchester City, ndipo basi, sanapondenso bwalo. Ndinafuna kuwakumbutsa zimenezi, koma kondakitala anali ataima ndi dzanja kufuna yake, komanso kukangana ndi ochemerera United mamawa Lolemba, dzulo lake atathidzimulidwa 2-0 ndi Crystal Palace pakwawo, n'kudziputira mavuto.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti wosewera akachoka timu ina kupita ina mu ligi yomweyi, mu Fantasy mtengo wake susintha, ngakhalenso malo ake. Rashford adayamba sizoni pa mapaundi 7.0 miliyoni ngati wapakati, mtengo wakhala ukutsika chifukwa anthu amamugulitsa, ndipo lero akadali wapakati pa mtengo wotsikawo. Chasintha ndi yunifomu. Zimene zimabweretsa mapointi ndi zina: asewera mphindi zingati, penate amenya ndani, makona ndi mafirikiki ali m'manja mwa yani, ndipo timu yatsopanoyo ikumana ndi ndani masabata akubwerawa. Pa zonsezi, za Rashford ku Villa palibe chimene taona ndi maso.

Nthawi ya nkhomaliro anandiimbira mlamu wanga, mawu ali m'mwamba. Iye Rashford adamusunga pabenchi chichokereni Disembala chifukwa cha chikondi basi, pomwe anali kale ndi a Villa atatu: Emiliano Martínez pagolo, Morgan Rogers ndi Ollie Watkins. Lero wadzuka ali ndi anayi, pomwe lamulo limalola atatu okha a timu imodzi.

"Alamu, andichotsera mapointi?"

Ndinamuuza kuti mtima pansi, palibe chilango. Anayiwo atha kukhala nawo ndipo mapointi awo awerengedwa. Vuto lili pakuti tsiku limene adzafune kusintha wosewera aliyense, adzakakamizidwa kuchotsa mmodzi wa a Villa kuti abwerere pa atatu. Ndiye ngati amafuna kukonza kumbuyo kwake, komwe kukudontha, mwayi wake wosintha wosewera mwaulere, popanda kudulidwa mapointi, wapita kale ku nkhani imene sanaipange yekha. Anakhala chete pang'ono, kenako anati achotsa Martínez. Rashford ayi. Sindinamutsutse, nsima imazizira.

Koma nkhani ya Villa imene yandidya mutu tsiku lonse si ya obwera, ndi ya amene wachoka. Lachisanu wakutsogolo Jhon Durán anagulitsidwa ku Al-Nassr ya ku Saudi Arabia pa ndalama zoposa mapaundi 60 miliyoni. Pagulu lathu palibe amene anali naye, kotero nkhaniyi inangodutsa. Komatu aliyense amene wakhala ndi Watkins sizoni ino akudziwa kupweteka kwake: mphindi zikangopitirira 60, uyamba kuyang'ana kumzere, mphunzitsi wa Villa Unai Emery waimika Durán, nambala ya Watkins yakwezedwa. Ndiye mnyamatayo alowe, amwetse chigoli chimene iwe umadikira kwa munthu wako. Zigoli zambiri zimabwera kumapeto otchinga kumbuyo atatopa, ndipo mphindi zimenezo Watkins amazionera pabenchi atavala jekete. Tsopano Durán kulibe. Arsenal idayesa kugula Watkins sabata yatha, Villa n'kukana. Mtengo wake mu Fantasy sunakwere chifukwa cha zimenezi, koma kwa ine ndi munthu wina kusiyana ndi wa sabata yatha. Chondidetsa nkhawa n'chakuti Loweruka ku Wolves, komwe anagonja 2-0, sanabwererenso chigawo chachiwiri chifukwa chovulala. Ndimusunga kaye mpaka timve kukula kwa vutolo.

Ndiye pali Rogers, amene adayamba pa 5.0 miliyoni ndipo wathandiza ambirife kupeza ndalama zogulira Salah ndi Palmer. Villa yabweretsa Donyell Malen kuchokera ku Borussia Dortmund, Rashford, ndipo lero Marco Asensio pa ngongole kuchokera ku Paris Saint-Germain. Malo a kumbuyo kwa womwetsa zigoli ndi atatu okha. Zili ngati mpando wa minibasi: akakwera wina, ndiye kuti wina afinyika kapena atsika. Pagulu ayamba kale kunena kuti Rogers agulitsidwe. Ine sindikuona choncho. Emery wamuyambitsa pafupifupi masewero onse, mu ligi ndi mu Champions League momwe, ndipo sabata yathayi wamwetsa zitatu yekha pokumana ndi Celtic. Amene ndikuwaopera ndi Leon Bailey ndi Jacob Ramsey. Komabe sindingalumbire, chifukwa Rogers atha kuyamba masewero onse koma n'kumatulutsidwa msanga, matenda omwe aja amavutitsa Watkins.

Masana ntchito inali yochepa, ndiye ndinakhala ndikuganizira za Omar Marmoush. Manchester City idamugula ku Eintracht Frankfurt komwe anali atamwetsa zigoli 15 m'masewero 17 a Bundesliga, ndipo a Fantasy amuika pa 7.0 miliyoni ngati wakutsogolo. Mtengowu ndi wokopa ukaganiza kuti Haaland adayamba pa 15.0. Koma malo a akutsogolo ndi atatu basi, ndipo anga ali ndi Isak, Chris Wood ndi Watkins. Wood Loweruka wamwetsa zitatu pomwe Nottingham Forest imasambitsa Brighton chokweza 7-0. Ndimuchotse ameneyo chifukwa cha munthu amene wasewera masewero awiri a ligi popanda chigoli, ku timu imene dzulo yakwapulidwa 5-1 ndi Arsenal? Penate ku City ndi za Haaland. Mwezi uno akumana ndi Newcastle, Liverpool ndi Tottenham, ndipo pakati pake pali Real Madrid kawiri, kutanthauza kuti Guardiola azisinthasintha anthu monga mwa chizolowezi chake. Marmoush ndi katswiri, ndamuona momwe amathamangira kumbuyo kwa otchinga a Chelsea tsiku lake loyamba. Koma chimene kubwera kwake kwandiuza lero n'chakuti Savinho, Doku ndi Grealish ndisawayandikire.

Amene amathamangira ogulidwa mu Januwale ali ndi mayina awo amene amatchula, ndipo sanama. Bruno Fernandes adafika ku United mu 2020 kuchokera ku Sporting, n'kumwetsa zigoli 8 ndi kupereka mipira 7 yogoletsa m'masewero 14 a ligi. Papiss Cissé mu 2012 adachoka ku Freiburg n'kumwetsera Newcastle zigoli 13 m'masewero 14. Jesse Lingard, amene ku United samamuwerengera, adapita ku West Ham pa ngongole mu 2021 n'kumwetsa 9. Okonda Rashford lero akutchula Lingard kwambiri.

Ine ndimakumbukiranso mmene zinthu zinalili Bruno akufika. Pogba anali wovulala, Rashford anali atavulala msana, pakati pa United panalibe wopanga mpira. Adapeza nyumba yopanda mwini, ndipo penate, mafirikiki ndi makona zonse adampatsa. Fananizani ndi Alexis Sánchez mu Januwale 2018, pomwe adachoka ku Arsenal posinthana ndi Mkhitaryan. Iye adafikira kumanzere, komwe kunali kale Anthony Martial, amene mwezi womwewo anali atamwetsa m'masewero atatu otsatizana a ligi, komanso Rashford yemweyu. Sánchez adangomwetsera United ziwiri mu ligi sizoni imeneyo. Amene adamugula adalira, koma amene anali ndi Martial adalira osalakwa kanthu, munthu wawo atangosunthidwa pamalo pake. Za Fernando Torres mu 2011, mapaundi 50 miliyoni ndi chigoli chimodzi mpaka kutha kwa sizoni, a Chelsea safuna kuti tizizikamba.

Chifukwa china chimene anthu amaperekera pothamanga ndi mtengo. Wosewera akamagulidwa ndi anthu ambiri amakwera ndi 0.1 usiku umodzi, ndiye aliyense amafuna kulowa asanakwere. Koma pogulitsa umangopatsidwa theka la phindu: akakwera ndi 0.2 iwe upeza 0.1, akakwera ndi 0.1 yokha supeza kanthu. Ndipo ukasintha kupitirira mwayi wako waulere, amakudula mapointi 4 pa wosewera aliyense, omwe ndi ofanana ndi chigoli chathunthu cha wakutsogolo. Sizoni ino atilola kusunga mwayi waulere mpaka kasanu, kotero kudikira sikutayanso kanthu ngati kale.

Ndipotu nthawi ilipo yambiri. Sabata ino ya Fantasy sinathe, Everton ndi Liverpool akumana pa 12 Febuluwale, ndipo yotsatira iyamba Lachisanu pa 14. Pakatipa pali FA Cup kumapeto a sabata ino, pomwe Villa ilandira Tottenham Lamulungu. Pamenepo tiona kwaulere komwe Emery aike Rashford ndi Asensio, komanso amene akhale pansi. Lachitatu ndi Lachinayi kuli ndime yachiwiri ya masemifainolo a Carabao Cup, Newcastle ndi Arsenal, Liverpool ndi Tottenham, ndipo matimu awiri amene afike mufainolo ya pa 16 Malichi sadzasewera ligi sabata imeneyo. Wogula lero akugula zonsezi asanazidziwe.

Madzulo magetsi anazima tikudya, anabwera Chelsea ndi West Ham zitayamba kale, poti kuno masewerowa amayamba 10 koloko usiku. Ana anali atagona, ndinatsitsa mawu a TV n'kumayang'ana uku mpira, uku foni. West Ham yatenga Evan Ferguson pa ngongole kuchokera ku Brighton, kubwerera kwa mphunzitsi Graham Potter amene adamupatsa mwayi woyamba kumeneko. Uyu palibe akumutchula pagulu, koma ndi amene akupita kumene kuli mpata weniweni: Michail Antonio adachita ngozi ya galimoto mu Disembala, Niclas Füllkrug ndi wovulala. Chovuta n'chakuti nayenso Ferguson thupi lakhala likumuvuta. Mathys Tel, amene masiku apitawa ankamveka kuti wakana Tottenham, akuti wasintha maganizo ndipo akubwera pa ngongole kuchokera ku Bayern Munich, pomwe Solanke, wakutsogolo wa Tottenham, ali kunja ndi bondo. Ameneyu ndidikira kaye ndione ngati a Fantasy amuike wapakati kapena wakutsogolo, chifukwa chigoli cha wapakati ndi mapointi 5, cha wakutsogolo 4.

Chelsea yapambana 2-1. Bowen ndiye anayamba, Neto n'kubweza, kenako mpira wa Palmer unagunda Wan-Bissaka n'kulowa. Koma chimene ndalemba pa kapepala si chimenecho. Nicolas Jackson, wakutsogolo wa Chelsea, watuluka chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndipo zikumveka kuti sali bwino, usiku womwewu mnzake João Félix ali pa ulendo wopita ku AC Milan. Christopher Nkunku, amene mwezi wonse amamutchula ku Bayern ndi ku United, sakuoneka kuti apita kulikonse, ndipo mu Fantasy ndi wapakati. Ngati Jackson akhale kunja masabata angapo, wosewera kutsogolo kwa Palmer akhala ndani? Msika utseka 1 koloko nthawi yathu. Sindidikira, mawa kuli ntchito, koma ndiyamba kumvetsera zimene mphunzitsi Enzo Maresca anene za Jackson Chelsea isanapite ku Brighton Loweruka.