Lachiwiri: ziro amene anatsegulira aliyense

Ndinalawirira kuntchito ndi cholinga chimodzi: tsamba la malipoti athu lisamatsegukire aliyense. Seva yathu imayendera Apache 2.4, pulogalamu yotumiza masamba a pa intaneti, ndipo mayina ndi mapasiwedi a anzanga ali kale mu database ya ofesi. Ndikanawalembanso mu fayilo ya htpasswd, momwe Apache amayang'ana mayina ndi mapasiwedi, munthu akasintha pasiwedi kuno, uko ikanatsala yakale. Choncho ndinaika mod_authnz_external, kachigawo kowonjezera pa Apache kolola kuti pulogalamu ina ndiyo izitsimikizira mapasiwedi.

Munthu akalemba dzina ndi pasiwedi, Apache saweruza yekha. Amadzutsa kapulogalamu kena n'kukapatsira dzina pa mzere woyamba, pasiwedi pa wachiwiri. Njirayi amati pipe. Iliponso njira ina yokapatsira zimenezi, ya environment, koma ndinaipewa poti pa makina ena munthu angathe kusuzumira n'kuiona pasiwediyo. Kapulogalamuko kakamaliza, Apache amangoyang'ana nambala imene katuluka nayo. Ikakhala 0, lowani. Ina iliyonse, bwererani.

Kapulogalamu kanga ndinakalemba m'chilankhulo cha Python. Nditayesa ndi pasiwedi yanga ndinalowa, mtima n'kukhala pansi.

Masana titadya, ndinapempha achemwali a ku maakaunti kuti ayeseko. Sipanapite nthawi, anandiitana. “Achimwene, tabwerani muone. Ndaphonya chilembo chimodzi, koma yandilola.”

Mtima unagunda. Ndinakoka mpando, pamalo a pasiwedi n'kulemba “mbatata”. Tsamba linatseguka, malipoti onse poyera.

Vuto ndinalipeza pa mizere iwiri yomaliza. Pasiwedi ikalakwika, kapulogalamu kanga kamalemba mawu akuti yolakwika, n'kutha bwinobwino. Koma Python ikatha popanda vuto imabweza 0, ndipo Apache mawu ajawo sawawerenga n'komwe. Kwa iye aliyense anali wolandiridwa. Chimene chandipweteka n'chakuti m'mawa ndinayesa pasiwedi yolondola yokha, pomwe m'malipotimo muli za anthu amene amatikhulupirira.

Ndinakalembanso kuti kukana kukhale chizolowezi chake: sys.exit(0), lamulo lothetsa kapulogalamu ndi 0, lili pamalo amodzi okha, pomwe dzina ndi pasiwedi zagwirizana, ndipo njira zina zonse zimathera pa sys.exit(1). Ndinayesa pasiwedi yopanda kanthu, dzina losadziwika, ngakhalenso kuzimitsa database. Konse kanakana. Mu access log, momwe seva imalemba onse olowa, ndinapeza kuti amene analowa ndi ine ndi achemwali aja basi.

Mawa ndiyamba ndi HTTPS, yobisa zimene zikuyenda pakati pa munthu ndi seva, chifukwa Basic auth, njira yolowera imene tikugwiritsa ntchito, imatumiza pasiwedi mu base64, kalembedwe kamene aliyense angathe kukamasula. Tsambalo likuchedwanso, poti pempho lililonse likudzutsa kapulogalamuko mwatsopano. Ndiyesa mod_authn_socache, kachigawo kokumbukira kwa kanthawi amene atsimikizidwa kale, ndikamaliza zimenezo.