Mbuzi ya ku Moscow

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatira ku Mchinji, kufupi ndi chipata cha Mwami, ndipo ndimakhala chikamwini. Mkamwini wanzeru amatseka pakamwa. Ine changa chimatseka bwinobwino pa nkhani za minda ndi maliro, koma wina akangoti "mpira," loko amathyoka.

Mu March 2025 alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, anabwera kuchokera ku Chipata kudzaona mbumba. Tili pa golosale madzulo, iwo ndi amene anaiyamba nkhani.

"Alamu, mwamva? Chipolopolo ikupita ku Moscow kukasewera ndi Russia."

Pomwepo pabenchi panabuka mkangano. Mnyamata wina wa kabaza anati Zambia ikulakwa, dziko loti likuponya mabomba ku Ukraine sungapite kukamenya nalo chikopa ngati palibe chikuchitika. Agogo ena amene amagulitsa fodya wa labu anati iwo za Ukraine sazidziwa, chimene akudziwa n'chakuti nkhondo itangoyamba feteleza anakwera mtengo, ndipo a Russia omwewo ndi amene anatumiza matani 20,000 a feteleza kuno ku Malawi mu 2023. "Munthu wokupatsa feteleza akakuitana kumpira umapita, ukaluzeko mwaulemu," anatero agogowo.

Apa m'pamene ndinaimirira. Ndikanangokhala pansi.

Ndinawafotokozera ngati mphunzitsi wa sekondale. Ndinati FIFA ndi UEFA anaichotsa Russia m'mipikisano pa 28 February 2022, patangopita masiku anayi nkhondo itayamba. Chiyambire pamenepo timuyo yakhala ikuyendayenda kupempha masewero opimana mphamvu ngati mbeta yosaka banja: ku Bishkek ndi Kyrgyzstan, ku Dushanbe ndi Tajikistan, ku Tashkent ndi Uzbekistan, mpaka ku Tehran. Bosnia inavomera kusewera nayo mu November 2022, koma Edin Džeko ndi Miralem Pjanić atakana poyera, masewerowo anafera m'mazira. Ndinati musanamizidwe ndi zigoli 8 zimene anathira Cuba kapena 11 za Brunei, amenewo ndi matimu oti ngakhale anyamata a pamudzi pano angawapanikize. Umboni wanga waukulu unali Kenya. Mu October 2023 Kenya inalepherana ndi Russia 2-2 ku Turkey. Tsono ngati Kenya inatero, nanji Zambia, akatswiri a Africa a 2012, timu yophunzitsidwa ndi Avram Grant amene anafikitsa Chelsea mu fainolo ya Champions League?

Anthu anaomba m'manja. Wa kabaza uja anaiwala za mabomba n'kundigulira Fanta.

Alamu anga anangomwetulira. "Alamu, timuyo ndi yathu, ife ndiye timaidziwa. Ikukaluza."

"Inu a ku Zambia mukunyoza timu yanu?"

"Sindikunyoza, ndikungonena. Kumeneko kukuzizira. Komanso ikupita kumeneko chifukwa ilibe chochita. M'gulu lathu la World Cup, Eritrea inatuluka yokha, Congo yaimitsidwa ndi FIFA. Woletsedwa wapezana ndi wosowa mnzake."

"Tibetche," ndinatero ine.

Iwo anati aika njinga yawo yakapalasa. Ine, pamaso pa anthu khumi ndi awiri, agogo a fodya ali mboni, ndinati ndaika mbuzi yaikazi ya mawanga imene inali m'khola mwanga. Ndinaona alamu akutsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenako n'kutsekanso. Ndinaganiza kuti ndi mantha.

Lachiwiri pa 25 March linafika. Magetsi anali atazima kuyambira masana, choncho za kanema panalibe. Tinagwirizana kuti titsatire zigoli pa foni yanga. Amene mumakhala m'malire mukudziwa mmene netiweki imachitira kuno: ukayang'ana kum'mawa ndiwe Mmalawi, ukatembenuka pang'ono foni ikukulandira ku Zambia n'kukudyera mayunitsi. Malo okhawo odalirika ndi pamwamba pa chulu chimene chili kuseri kwa nkhokwe ya apongozi. Ndinakwera pamenepo mumdima, mvula itangokata, patapata kuphazi, dzanja lili m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti. Pansi panali alamu, agogo a fodya, wa kabaza ndi ana a mudzi wonse.

"Zili bwanji kumeneko?"

"Ziro ziro! Ndinakuuzani!"

Netiweki inathawa. Itabwerera, nambala inali itasintha. Ndinakhala chete.

"Alamu, mwaona chiyani?"

"Ikulodabe."

"Nanga kuwala kwa foniko kukuonetsa nkhope yanu ngati mwameza chibalo bwanji?"

Ndinavomera kuti Russia yagoletsa, koma ndinawakumbutsa kuti mpira ndi mphindi 90. Vuto linali lakuti ulendo uliwonse netiweki ikapita n'kubwera, imabwera ndi chigoli. Ndinafika poyamba kuiopa. Ndinkatsitsa dzanja dala kuti isagwire, poganiza kuti mwina ndine ndikuziitana zigolizo.

Chigoli chachinayi chitalowa ndinamva kutentha m'mwendo. Ndinayesa kuti ndi BP. Kenako kutentha kuja kunakwera, kunadutsa bondo, kunafika kumene sindingatchule pagulu. Linthumbu, abale anga. Mzere wonse unali utapeza njira m'thalauza langa, ndipo linthumbu sililuma likangofika, limadikira anzake onse akhazikike kaye. Ndinavina pachulu paja gule amene sindinaphunzirepo. Ana pansi anayamba kukuwa kuti Zambia yagoletsa. Wa kabaza anathamanga kuzungulira nkhokwe akuimba likhweru. Ine patapata linaterereka, ndinatsika chulu chonse ndi msana, n'kukafikira m'munda wa maungu wa apongozi, thalauza lili m'manja.

Apongozi aakazi anatuluka ndi tochi. Munthu amene chikwatirire sindinayang'anane naye m'maso, amene tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, anandiunika kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sananene kanthu. Anangozimitsa tochi n'kubwerera m'nyumba.

Foni anaitola ndi alamu. Anaipukuta matope pa malaya awo n'kuwerenga mofatsa ngati kalata ya kwa a mfumu: "Russia 5, Zambia 0."

M'mawa ndinadzuka ndi maganizo oti ndife amuna, ngongole ndi ngongole. Ndinamanga mbuzi ija chingwe. Inkadumphadumpha mosangalala, ndipo ndinakumbukira kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndikutuluka nayo, mayi a kunyumba anaima pakhomo, chipande chili m'manja.

"Bambo a mwana, mbuziyo mukupita nayo kuti?"

Ndinafotokoza mwachidule, ndikudumpha za chulu, ngakhale anali atazimva kale kuchitsime.

"Mwabetcha mbuzi iyiyi? Ya achimwene?"

"Ya achimwene ati?"

"Si anaikiza kuno chaka chija anagwa matenda a mbuzi kwawo? Inu mumayesa inagwa kumwamba?"

Zaka ziwiri ndakhala ndikuimwetera msipu, kuithamangitsa m'minda ya eni, kulipira chindapusa itadya chimanga cha aneba. Mbuzi ya eni ake.

Nkhani inakathera pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinati popeza mbuzi ndi yawo kale, angoitenga, tathana. Agogo a fodya anakana. Anati munthu sangapambane chinthu chake chomwe, ndipo anthu khumi ndi awiri anamva ndikulonjeza mbuzi. Chigamulo chinali chakuti ya mawangayo ndi ya alamu chifukwa ndi yawo, ndipo ndigule ina chifukwa ndinaluza. Alamu, mwa chifundo chawo, anati zonse ziwiri zikhalebe m'khola mwanga, ndizingowasamalira, poti kuolotsa ziweto pa Mwami n'kovuta.

Ndinagula kambuzi kakuda nditagulitsa soya. Ana anakatcha Moscow, ndipo dzinalo kanalizolowera moti ukaitana kamayankha. Mu June chaka chomwecho ndinamva kuti Nigeria yalepherana ndi Russia 1-1 ku Moscow komweko, ndipo ndinathamangira ku golosale kukawauza kuti mfundo zanga zinali zoona, ndinangolakwitsa dziko. Agogo a fodya anandifunsa ngati ndili ndi mbuzi ina.