Mng'alu umene ndinkati ndi wa pulasitala

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zathu zomwe zija za ife ogulitsa ndi kubwereketsa nyumba za anthu: kujambula nyumba ziwiri zatsopano, kuyimbira anthu a "tikuganizabe", kudikira pageti munthu amene foni yake yazima. Lachisanu ndinasayinitsa lendi imodzi. Chimene chandisowetsa tulo ndi cha Lachitatu.

Pali nyumba imene yakhala m'manja mwathu miyezi 8. Eni ake ndi bambo wopuma pantchito, anaimanga akadali ndi mphamvu, ana onse anakulira momwemo. Mtengo anatchula ndi abwana athu, ataizungulira kunja kokha, ndipo anaukweza dala kuti bambowo asapite kwa ena. Anzanga mukudziwa: mwininyumba ukamuuza mtengo wokoma m'khutu, makiyi amakupatsa tsiku lomwelo. Wovutika ndi amene amatsegulira anthu chitseko mwezi ndi mwezi, ine.

Lachitatu kunabwera mayi wina ndi mmisiri wake. Mmisiriyo penti sanaiyang'ane n'komwe, anangofunsa makwerero. Ofesi yathu ilibe makwerero, ngakhale tochi. Ndapempha kangapo, yankho n'lakuti ife ndife ogulitsa, osati omanga. Ndinakabwereka kwa aneba, tonse tinakwera m'siling'i. Mmisiriyo anabaya thabwa la denga ndi sikuludiraiva, inangolowa ngati m'dothi lonyowa. Chiswe chinadya mkati monse n'kusiya khungu lokha. Dzuwa linkalowera m'timabowo ta malata.

Titatsika anapita pa mng'alu wa chipinda chakumapeto, umene ine ndakhala ndikuuza anthu kuti ndi wa pulasitala. Anandionetsa ndi chala mmene ukutsatira mizere ya njerwa ngati masitepe, wopyapyala pansi, wotakasuka pamwamba. Kenako anandikokera panja: mng'alu womwewo, malo omwewo. Wa pulasitala sudutsa khoma. Apa ndiye kuti maziko atitimira mbali imodzi. Zaka zonsezi ndili pantchito, ndinaima pamenepo ngati mwana wa sukulu.

Madzulo mayiwo anatumiza mtengo wawo, wotsika ndi 30 peresenti. Ine anthu odula mtengo pakati pafoni, nyumba asanaione, amandinyansa, ndipo ndimawayankha mwachidule. Awa sanali otero. Anaphatikiza kotesheni ya mmisiri, denga palokha, maziko palokha, mawaya a magetsi palokha. Anaikapo mitengo ya nyumba zitatu zofanana zimene zagulidwa m'deralo. Anatenga mtengo umene nyumbayo ingakhale nawo itakonzedwa, n'kuchotsa ndalama zokonzera, n'kuchotsanso kagawo ka zodzidzimutsa, pakuti nyumba yakale ukaigumula pamodzi imaulula pena. Ndinawerengera kawiri ndikufuna kuwapeza cholakwa. Sindinachipeze. Ndalama anali nazo pamanja, sankadikira ngongole.

Abwana atamva anati, "Usawauze mdalayo, angatilande makiyi. Mayiwo uwauze kuti akana." Ndinawayang'ana. Mtengo umene munthu walemba uyenera kufika kwa mwininyumba, kukana n'kwake, si kwathu. Komishoni ikutsika, inde, yanga yomwe, koma komishoni ya nyumba yosagulidwa ndi zingati? Izi ndinanena mokweza pang'ono, ndipo ofesi yonse inangoti zii.

Lachinayi ndinapita ndekha. Bambowo anawerenga pepala loyamba lokha, n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, njerwa za nyumba iyi ndinanyamula ndi manja awa. Mayiyu akundiyesa wopemphetsa?"

"Ayi bambo. Taonaninso tsamba lachiwirilo."

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. Wogula ndi ngongole, banki imatumiza munthu wake kudzaona nyumba, ndipo akaona mng'alu wotere amatsitsa mtengo kapena ngongoleyo imakanika. Anthu awiri amene anaikonda nyumbayi m'mbuyomu anathera pamenepo, ine ndinkangoti asintha maganizo. Wotsala ndi wa ndalama pamanja, ndipo wa ndalama pamanja salipira denga limene akadzalisasule. Mvula ikagwanso kamodzi pa matabwa aja, ngakhale mtengo wotsikawu sitidzauona. Ndinawatengera kuchipinda chija, n'kuwapempha alowetse chala mu mng'alu. Chinalowa.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa, mosakalipa konse, "Nanga mtengo uja munandiuza poyamba, munautenga kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Anali atauza kale ana awo mtengo umenewo, atagawa kale m'mutu kuti uyu adzalandira zakuti. Miyezi 8 akhala akuwerengera ndalama imene sinalipo, ndipo amene anailenga anali muofesi akundidikira kuti andifunse chifukwa chimene sindimvera.

Sanavomere, komanso sanakane. Anati ndikawauze mayiwo kuti atsitsa ndi 20 peresenti, ndipo akufuna mmisiri wawo aonenso za maziko, chifukwa kotesheni ya wogula payokha sangaikhulupirire. Pamenepo ananena zoona. Uthenga ndinapereka tsiku lomwelo, mayiwo anati ayankha Lolemba.

Abwana sanandipatse moni Lachisanu lonse. Poweruka ndinadzigulira tochi, makwerero ndiona mwezi ukatha.