Hatchi yakalekale yomwe inali bulu wa dzana

Ku Lothagam, kumadzulo kwa nyanja ya Turkana ku Kenya, miyala yofiira ija imasunga mafupa a nyama za zaka 7 mpaka 5 miliyoni zapitazo, kumapeto kwa nyengo ya Miocene: njovu zakale, mvuu, nkhumba zikuluzikulu, ndi hatchi za zala zitatu zotchedwa hipparion. Hatchizi n'zobwera. Makolo ake anachokera ku North America, n'kuwoloka pa Bering, pakati pa Alaska ndi Siberia, pomwe panali pouma zaka 11 miliyoni zapitazo, n'kufalikira ku Pikermi ku Greece, ku Maragheh ku Iran, mpaka mu Africa. Ndiye nditaona nsagwada yam'mwamba ya mano anayi ataliatali itasuzumira m'matope ouma a m'khwawa, mtima unangoti phaa, ndati ndapeza hipparion!

Ntchito ndinaigwira mwaukatswiri, nanenso ndidziyamikire. Fupa ndinalilimbitsa ndi guluu wa Paraloid B-72, magalamu 5 m'mamililita 100 a asitoni, nditaonetsetsa kuti n'louma, poti pachinyezi guluuyu amayera ngati mkaka. Ndinakumba ngalande kuzungulira, n'kusiya kachulu ka dothi kunsi. Pamwamba ndinayala tishu wonyowa kuti pulasitala asakakamire ku fupa, kenako timizere ta chiguduli toviika mu pulasitala, kusanjikiza katatu. Chibumacho chitauma ndinachigadamitsa, kumata kunsi, kulemba nambala, n'kuchisenza pamutu dzuwa likuswa mtengo.

Chomwe ndinadumpha n'chimodzi: kuchotsa dothi pomwe dzino limatafunira.

Madzulo mkulu wa gulu lathu lofufuza mafupa akale anacheka pulasitala uja, n'kuyamba kutokosa ndi singano. Anakhala chete nthawi yaitali, ine n'kumati mwina chimwemwe chawatsamwitsa.

"Achimwene, tabwerani muone protocone."

Kameneka ndi kampanda ka enamelo, chikuto cholimba cha dzino, kumbali ya lilime pa dzino lam'mwamba. Pa hipparion kamakhala pakokha ngati chilumba. Pa Equus, mtundu wa mbidzi, hatchi ndi abulu a lero, kamalumikizana ndi mzere wa enamelo woyandikana nako. Kanga kanali kolumikizana bwinobwino.

"Equus analowa mu Africa zaka 2.3 miliyoni zapitazo," anatero mofatsa. "Ndiye kaya mwagwetsa mabuku onse, kaya mwatibweretsera bulu wa abusa a kuno."

Ndinakakamira ndithu kuti fupalo ndi lofiira ngati miyala ija. Anati matope amadaya chilichonse, ndipo a m'khwawa ndi okokoloka, amasakaniza za dzulo ndi zamakedzana. Msinkhu wa fupa umadziwika ukalipeza lidakali m'mwala momwe linakwiririka. Kenako anabenthula kachidutswa n'kukayatsa ndi machesi. Fungo la tsitsi lopserera linadzaza tenti yonse, umboni woti kolajeni, puloteni wa m'fupa, akadalimo. Fupa losanduka mwala silinunkha, komanso limalemera.

Pulasitala anali wochepa, ndipo ine ndinali nditathera wa masiku awiri pa bulu. Chibuma chija sanachitaye. Mphepo ya ku Turkana ndi yaukali, choncho anachitsamiritsa pa chingwe cha tenti yanga, nambala yomwe ndinalemba ija itayang'ana kunjira.