Magetsi anandigwira tsiku limene kunalibe magetsi

Kuno ku Kasungu tili ndi matenda athuathu. Chiyambireni pamene William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ndi zidutswa za njinga ndi mapaipi, mwamuna aliyense amene ali ndi pulayala m'nyumba amaganiza kuti dziko likungodikira iye. Ine matendawa anandipeza mochedwa, ndili ndi zaka 41, ana atatu ndi ngongole ya feteleza.

Ndimaimba gitala mu kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ampu yokwezera mawu a gitala imene tili nayo imalira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini, ndipo zinkandiwawa kuyambira kale. Usiku wina ndikumaliza bandulo pa YouTube ndinapeza mkulu wina wa ndevu zoyera akuliza gitala pa kabokosi ka ampu kotchedwa Fender Champ, ka m'zaka za m'ma 1950. Mawati 5 okha, koma mawu ake onona ngati nsinjiro. M'kati mwake mulibe thiranzisita ngakhale imodzi. Muli timabotolo titatu tagalasi totchedwa machubu, toyaka ngati khala la mbaula: 12AX7 kokweza timawu tofooka ta gitala, 6V6 kokankha sipika, ndi 5Y3 kowongola magetsi a pakhoma kuti aziyenda mbali imodzi. Chojambula cha mawaya ake chimakwana pa tsamba limodzi la kope. Ndinadziuza kuti izi ndi za mwana wa Sitandade 5.

M'mawa mwake ndinalowa mumsika wa pa boma kukafunsa machubu. Mnyamata woyamba sanazengereze.

"Saizi yanji, bwana? Ya kabaza?"

Ananditulutsira chubu cha njinga. Ndinamufotokozera kuti ayi, ena amati mavaluvu. Anagwedeza mutu ngati wamvetsa, n'kunditsanulira m'manja mavaluvu a njinga okwana asanu. Amene anandimva anali mkulu wina wokonza mawailesi chakumapeto kwa msika, wa magalasi omanga ndi ulusi. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati zinthu zimenezo anazigwira komaliza ali mnyamata, m'mawailesi akale a azungu a m'maesiteti a fodya. Pomaliza anati, "Achimwene, zimenezo zimaluma ngakhale zitagona." Ine ndinayesa mwambi chabe.

Katundu anachokera ku Joni. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anagula timabotolo tija, mathiransifoma awiri, makapasita ndi marezisita, n'kutumiza pa basi. Timabotolo tinafika titakulungidwa m'masokosi, m'kati mwa bulangete. Ndalama yake musandifunse. Mayi a kunyumba ankadziwa kuti ndalama imeneyo ndi ya malata a khitchini. Bokosi ndi sipika ndinachotsa ku gumbagumba ya malemu agogo. Chinatsala ndi chitsulo chokhomerapo zonsezo, ndipo maso anga anagwera pa thireyi ya aluminiyamu imene mayi amaphikira makeke ogulitsa kusukulu. Ndinaiboola mabowo asanu ndi anayi iwo ali ku Mvano.

Masabata atatu ndinkawotcherera usiku uliwonse pa tebulo lodyera. Utsi wa mtovu m'mphuno, zala zonse matuza. Tsiku loyamba kuyatsa, kapasita imodzi ndinali nditaiika chagada, mwendo wa pulasi ku mainasi. Inaphulika ngati kombola wa pa Khirisimasi, timapepala tonunkha tinagwera mu ndiwo, galu anathawa n'kubwera mawa lake. Imeneyo ndinaipirira, ndinali ndi ina yapadera.

Kenako kunabwera apongozi kuchokera ku Chamama kudzaona adzukulu.

Amene munakwatira kwa Achewa mukudziwa. Ine ndi apongozi anga takhala zaka 15 tisanayang'anane m'maso. Tikakumana pakhomo wina amapatuka. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili pomwepo. Sanandionepo ndikudya, sanandimvepo ndikukweza mawu. Kwa iwo ndinali mkamwini waulemu, wa kwaya.

Loweruka masana kunatentha kwambiri, kuja kwa Okutobala. Apongozi anali pakhonde akusenda mtedza, ine m'nyumba ndavula malaya. Ndinazula 12AX7 ndi 6V6, n'kusiya 5Y3 yokha kuti ndiyeze mphamvu. Mita inaonetsa mavolti opitirira 300. Ndili pakati poyeza, magetsi anathima. Firiji inakhala chete, chigayo cha kuseri chinaima, dera lonse zii. Ndinati zakhala bwino, mpata wokonza waya wina amene ankaoneka womasuka ndi umenewu. Pulagi ndinazulanso, poti ndine munthu wosamala. Ndinamwa madzi, ndinakhala pang'ono, kenako ndinapisa dzanja m'kati mwa thireyi, dzanja linalo litagwira m'mphepete mwake.

Sindikudziwa kuti ndinganene bwanji. Zinali ngati munthu wandimenya ndi mpini wa khasu pa zigongono zonse ziwiri nthawi imodzi. Mpando unapita kwake, ine kwanga. Ndinadutsa pa katani ya pakhomo chambuyo, n'kukagwera m'lichero la mtedza, pamapazi penipeni pa apongozi, chifuwa chili pamtunda. Ndipo pakamwa panga panatuluka liwu limene ndinaliphunzira pa depoti ya minibasi ndili mnyamata, limene sindingalilembe pano. Linamveka mpaka kwa aneba.

Kwa nthawi yoyamba m'zaka 15, apongozi anandiyang'ana m'maso. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo amene ankathamanga kuchokera kukhitchini.

"Tawafunsa bambowa, chawaona n'chiyani?"

"Magetsi, amayi," ndinayankha ndekha, mwambo utathawa. "Andigwira magetsi."

Apongozi anayang'ana babu la pakhonde. Anamvetsera kuchigayo. Aneba anali atafika kale pampanda, ndipo mmodzi ananena zimene aliyense ankaganiza: "Magetsi ake ati? Kwathima konse kuno mpaka ku Chankhanga."

Ndinayesa kufotokoza, ndikutola mtedza m'tsitsi. Kapasita ili ngati mtsuko: imatunga magetsi n'kusunga. Timabotolo tija tikakhalamo totentha timamwa otsalawo msanga, koma ine ndinali nditatizula, ndiye mtsuko unangokhala wodzaza, kudikira chitsiru choti chipise dzanja. Odziwa ntchito amayamba aikhuthula kudzera pa rezisita, kuyeza ndi mita, ndipo dzanja limodzi amaika m'thumba kuti magetsi asadutse pamtima. Zonsezi mkulu wa ndevu uja ananena mu vidiyo, koma pamenepo ndinkadumphitsa posunga bandulo. Ndikulankhula choncho, ndinaona kuti palibe akumva za kapasita. Chimene anamva n'chakuti mkamwini wa pano ali ndi mabotolo atatu ochokera ku Joni amene amasunga magetsi m'nyumba anthu ena onse ali mumdima. Mawu akuti "kukhwima" sanatchulidwe, koma ndinawaona akuyenda pankhope za anthu.

Mayi a kunyumba sanalowe nawo m'zimenezo. Iwo anali ataona thireyi.

"Abambo, chija ndakhala ndikufunafuna masabata atatu, mpaka kukalipira ana, ndi ichi?"

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma magetsi atayaka cha m'ma 9 koloko usiku, mtima sunandilole. Onse atagona, apongozi pa mphasa pabalaza poti amakana bedi, ndinanyang'ama, n'kubwezera timabotolo tonse, kulumikiza chingwe chachitali cha gitala, n'kuyatsa. Ndinkangofuna kuona ngati tiyake. Tinayakadi, kuwala kofiirira kokongola mumdima. Ampu ya mavaluvu siyamba pompo, imayamba yatenthera kaye. Ndinaima pakona osapuma.

Kenako inayamba kulankhula.

Gitala sindinaikhudze. Mu sipika ya agogo munatuluka mawu a mwamuna, akutali, okwera n'kutsika ngati akubwera ndi mphepo, m'chilankhulo chimene mpaka lero sindikuchidziwa. Ankalankhula mwaukali ndithu, ngati akulalikira.

Apongozi anadzuka tsonga. Anaona maso atatu ofiira pa tebulo, mawu a malilime, ndi mkamwini ataima pakona ndi kabudula wogonera. Sanakuwe. Anayambitsa nyimbo ya Mvano, mokweza, vesi ndi vesi, akupinda mphasa yawo. Usiku umenewo anagona kuchipinda kwa ana, chitseko atachitchingira ndi thumba la chimanga. Tambala woyamba asanamalize anali ali pa kabaza.

Lolemba ndinanyamula thireyi yanga kupita kwa mkulu wa magalasi a ulusi uja. Anayang'ana kamodzi n'kuloza polowera chingwe. Pa chojambula pali rezisita ya 68k pamenepo, ine ndinaisiya poona kuti ndi kanthu kakang'ono, ndipo waya wake ndinaika wamba wopanda chotchinga. Ndiye chingwe cha gitala chinasanduka eriyo, ampu n'kumakoka wailesi zakunja zimene zimamveka bwino usiku. Anakonza m'mphindi khumi, anandilipiritsa ya Fanta, n'kundifunsa ngati zinandiluma. Ndinati pang'ono.

Panopa imalira bwino zedi. Ndikaikweza mpaka kumapeto imachita kakusasa kaja kamene ndinamva pa YouTube, tsitsi kuchita nyaunyau. Kungoti ndimailizira m'chigafa cha fodya, chifukwa m'nyumba inaletsedwa, ndipo akuluampingo anati ayambe akambirana kaye isanalowe m'tchalitchi. Thireyi yatsopano ndinagula, ziwiri. Sabata yatha apongozi anaimba foni kwa mwana wawo. Akuti pa Khirisimasi abwera, koma ayambe auzidwa ngati alendo aja a m'mabotolo anabwerera kwawo.