Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Anthu a pa TV pa pampu yanga

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ntchito yanga ya m'munda inatha, abwana aja atagulitsa nyumba n'kusamukira ku Cape Town. Ndinakhala kanthawi ndikungodalira maganyu, lero kupenta mawa kunyamula katundu, mpaka mnyamata wina wa ku Mangochi amene tinkachita naye lendi nyumba imodzi ku Rosettenville anandilumikiza ndi manejala wa filing'i ina pakati pa Melville ndi Auckland Park. Chinali chaka cha 2013. Ndinkadzuka kukadali mdima, kukwera takisi mpaka m'tauni, kuyenda wapansi kukafika pokwerera matakisi pa Bree kenako kukwera ina, ndipo nyengo yozizira ya ku Joni uja mu June zala zimachita kuuma moti kutsegula chivindikiro cha thanki pamafunika kulimba mtima.

Ntchito yake simavuta kuiphunzira. Galimoto ikaima umafunsa petulo wa 93 kapena 95 kapena dizilo, umafunsa ngati uone oilo ndi madzi, mpweya wa m'matayala, kenako kupukuta galasi lakutsogolo. Wamtima wabwino amakusiyira R2, R5, mwina R10 kukacha bwino. Chomwe mnzanga uja sanandiuze n'choti ma studio a SABC ali pompo ku Auckland Park, ukaima pa pampu nsanja yaitali ija ya ku Brixton umangoiona, ndiye anthu ambiri ogwira ntchito kumeneko amadutsira msewu wathu.

Kuti mumvetse chifukwa chake izi zinandikhudza ndibwerere kaye ku Ndirande. Kwa amalume anga tinali ndi kadikoda kaulere kaja, ka Philibao, ndipo 8 koloko usiku ikakwana pabalaza pamadzaza, azimayi oyandikana nawo nyumba kubwera ndi ana kumbuyo kudzaonera Generations pa SABC 1, ena kukhala pansi ena kusuzumira pa windo, magetsi akazima pakati pa sewero madandaulo ake ngati pagwa maliro. Chizulu changa choyamba ndinachitola pamenepo. Anthu a m'sewero aja timawatchula maina ngati abale athu, timakangana za maukwati awo, ndipo m'mutu mwathu amenewa anali anthu osagwira ndalama yachitsulo, osaima pa mzere, osadwala chimfine. Chaka chomwecho cha 2013 ma channel a SABC anawatseka pa madikoda aulere aja, mlongo wanga anandiimbira kudandaula kuti achimwene kuno zatha, mudzitiuzako nkhani ikuyenda bwanji.

Ndiye tsiku lina m'mawa, nthawi yoperekeza ana kusukulu, yaima Polo yoyera yafumbi pa pampu yanga. Mkati muli mayi wavala duku, juzi yakale, kumaso sanadzole kalikonse, kumbuyo kamwana kakudya buledi yunifolomu ili yosamanga mabatani. Anatsitsa galasi n'kunena kuti sawubona bhuti, 95 ya R150. Nkhope sindinaizindikire msanga koma mawu aja, abale, mawu amene ndinakhala ndikuwamva zaka ndi zaka pabalaza pa amalume. Mtima unagunda. Ndinathira mafuta, ndinapukuta galasi mosamala kwambiri mpaka m'makona, iye ali kalikiliki kumanga mabatani a mwana uku akumukalipira pang'onopang'ono kuti wachedwetsa. Anafufuza m'kabokosi ka pafupi ndi giya, kutolera makobidi, anandipatsa R5 yamasiliva n'kunena zikomo akundiyang'ana m'maso. Basi anapita. Dzina lake sinditchula, ngakhale la aliyense amene ndinakumana naye pamalo paja, chifukwa munthu akabwera kudzathira mafuta ndi mwana wake sanabwere kudzaonetsedwa.

Usiku ndinamuuza mlongo wanga pa WhatsApp ndipo funso lake linali limodzi, chithunzi chili kuti. Aliyense kumudzi amafunsa zomwezo. Koma pa filing'i foni imatsala mu loka, pa pampu saloleza, makamera ali paliponse ndipo manejala anatiuziratu tsiku loyamba kuti wovutitsa kasitomala ndi zithunzi atenge chikwama chake. Komanso ine panthawiyo mapepala anga anali asanalongosoke, munthu wotero safuna nkhope yake izizungulira pa Facebook atavala yunifolomu ya pantchito. Ndiye kumudzi ena amakhulupirira ena amati ndikukometsa nkhani, ndinangozisiya.

Pamene miyezi imapita ndinazolowera. Owerenga nkhani, oimba, ma DJ a pa wailesi, osewera mpira, ena umawadziwa wekha ena amachita kukunong'oneza anzako a konkuno galimoto itachoka. Ambiri ndi anthu wamba ndithu, otopa, ali pa foni, akufulumira. Koma analipo woimba wina amene nyimbo zake timavina pa maukwati kumudzi, ameneyu galasi amatsitsa kampata kongokwana khadi, osayankha moni, osakuyang'ana, ukamufunsa za oilo amangogwedeza chala. Sindikunena kuti amayenera kundiseka kapena kundipatsa ndalama ayi, mwina amaopa anthu, mwina anatopa nako kuzindikiridwa. Koma moni sagula. Mpaka lero nyimbo yake ikalira penapake ndimakumbukira kampata ka galasi kaja ndipo kuvina kumandichokera.

Amene ndimamukumbukira kwambiri ndi bambo wina wachikulire, wosewera wakalekale wa m'masewero a pa TV, tsitsi la imvi, amene ndinayamba kumuona pa TV ndili mwana. Amabwera ndi Mercedes yakale, yoyera bwino koma yotopa, ndipo iyeyo amatsika m'galimoto n'kuima nawe pafupi uku ukuthira, kufunsa za kwanu. Nditamuuza kuti ndine wa ku Malawi anati anthu akwanu anakumba nawo migodi ya kuno, ndipo n'zoona, agogo anga aamuna anabwera pa Wenela asanaitseke mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown. Tsiku lina madzulo anathira ya R100, ndikupereka makina, khadi yakana. Tayesanso yakana. Anatulutsa ina nayonso yakana. Ndinaona bambo wamkulu uja akusintha nkhope, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali amene akuona, kumbuyo kwake magalimoto ayamba kuima pa mzere ndipo mtsikana wina m'galimoto yachiwiri anali atamuzindikira kale akuloza. Anandiyandikira n'kulankhula motsitsa mawu kuti mwana wanga, ndalama imene ndimayembekezera sinalowe, ndikusiyire wotchi. Anali atayamba kale kuimasula, lamba wake wachikopa wothetheka m'mbali.

Pa ntchito imeneyi mafuta akatuluka osalipiridwa amadula pa malipiro ako, ndiye sinali nkhani yaing'ono kwa ine. Koma ndinaganiza za amalume anga, mmene angamvere ataimitsidwa chonchi pamaso pa ana. Ndinamuuza kuti baba valani wotchi yanu, pitani, tidzaonana. Ndinali ndi ma tip a masiku angapo m'thumba la ovolosi, ndinawerenga masiliva aja pa kauntala mpaka inakwana, wa pa till akungondiyang'ana. Lachisanu lake anabwera wapansi, galimoto ataisiya kutsidya, anandipatsa R200 yopinda ndi jumbo ya malalanje, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Sanalankhule zambiri, inenso sindinalankhule zambiri.

Nkhani imeneyi ndinadzaimvetsa bwino mu 2014, pomwe osewera 16 a Generations anachotsedwa ntchito mu August atanyanyala pa nkhani ya malipiro ndi makontrakiti, komanso amafuna kuti azilandirako kanthu sewero likamabwerezedwa kapena kugulitsidwa kunja. Sewero linaima kaye n'kudzabwerera mu December ndi nkhope zambiri zatsopano. Bambo uja sanali m'gulu limenelo, koma apa m'pomwe ndinadziwa kuti ambiri mwa anthu amenewa amagwira ntchito ya kontrakiti, sewero likatha kapena akakupha m'nkhani ndiye kuti malipiro athanso, penshoni palibe, pamene nkhope yako ikuonekabe pa TV ndipo anthu mumsewu akuganiza kuti uli ndi ndalama. Ife aganyu tikasowa palibe amatidabwa. Iwowo amasowa anthu akuwaloza.

Ku Rosettenville komwe ndimagona nakonso kuli mbiri yake. Aliyense wa ku Malawi akafika kumene amauzidwa kuti kuno n'komwe anaphera Lucky Dube, pa 18 October 2007, akutsitsa ana ake kwa m'bale wake, achifwamba akufuna kulanda galimoto yake ya Chrysler. Anthu atatu anawagamula kukhala kundende moyo wawo wonse mu 2009. Kwathu munthu ameneyu timamukonda koopsa, minibasi iliyonse ya ku Limbe inali ndi kaseti yake. Chimene chinandipweteka nditamva n'choti zinamveka kuti omuphawo sanamuzindikire, amamuyesa munthu wa ku Nigeria. Ganizirani, mwana wa dziko lomwelo, wodziwika Africa yense, koma usiku umenewo anangooneka ngati mlendo wokhala ndi galimoto yabwino. Ine mlendo weniweni ndimadutsa misewu yomweyo m'bandakucha kupita kokwerera takisi.

Kenako inafika April 2015, zipolowe zothamangitsa alendo zija zinayambira ku Durban n'kufika mpaka ku Jeppestown kuno, boma la Malawi mpaka linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Anzanga ena anakwera, ine ndinatsala chifukwa kumudzi kunali fizi ya ana awiri a mlongo wanga ikundiyang'ana. Pa filing'i tinalipo Amalawi awiri, ine ndi mnyamata wina wa ku Ntcheu, ndipo tinagwirizana kuti Chichewa chizitsala kunyumba, pantchito Chizulu basi, m'takisi kukhala chete, foni ikalira yochokera kumudzi osayankha. Anzathu a konkuno ambiri anali bwinobwino nafe, ndisanamize, panali mdala wina wosapota timu ya Kaizer Chiefs amene kuyambira tsiku loyamba amanditchula kuti Mabedi chifukwa kwa iye Malawi ndi Patrick Mabedi amene anakhalapo kaputeni wa timu yake, ndipo akayamba kukamba za Ernest Mtawali samatha. Mdala ameneyu masiku amenewo amatiperekeza mpaka pokwerera. Komabe mantha anali mantha.

Ndiye usiku wina ndili pa shifiti ya usiku, yaima galimoto yakuda magalasi akuda, nambala yake ya GP ya konkuno ku Gauteng. Mnzanga wa ku Ntcheu uja amathira, ine ndimaona matayala, ndipo ndinaiwala, ndinangoti aise tabweretsa paipi ya mpweya ija, tayala lakumbuyoli laphwa. Galasi linatsika. Ndinamva m'mimba kutentha. Kenako mawu anatuluka m'galimoto muja, akuti achimwene, kwanu n'kuti? Chichewa chenicheni, cha ku Blantyre. Nditadzuka kuyang'ana ndinapeza ndi mnyamata wa Flames, amene panthawiyo amasewera mu ligi yaikulu ya konkuno, munthu amene ndinkamuonera pa Kamuzu Stadium nditakhala ku ma stand a dzuwa.

Anazimitsa galimoto n'kutsika. Anavala kabudula ndi masilipasi, bondo lina lomanga bandeji. Tinaima atatu pambali pa pampu kucheza mokweza, Chichewa chimene tinachibisa masabata onse aja chikungotuluka chokha, kufunsana kwanu n'kuti, munabwera liti, mukugona kuti, kuli bwanji kumeneko ndi zipolowezi. Anati nayenso mayi ake akumuimbira tsiku lililonse kuti bwerako, anati m'bwalo anthu amakuimbira m'manja koma ukavula jezi n'kulowa m'shopu ndiwe mlendo ngati wina aliyense. Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere, akuti kodi ufa woyera weniweni ndi usipa mumaupeza kuti kuno, ufa wa m'mashopu wanditopetsa. Mnzanga uja anaseka mpaka kugwira pampu, tinamulongosolera za amayi ena amene amalandira katundu pa mabasi ochokera kumudzi pafupi ndi Park Station, usipa, utaka, nyemba za ku Dedza, mpunga wa Kilombero, ndipo analemba mu foni mwake mwachidwi ngati akulemba nambala ya bwana.

Pochoka anatipatsa R200 aliyense, akuti mugule ma units muimbire kumudzi adziwe kuti muli moyo. Anabweranso kangapo pambuyo pake, nthawi zonse usiku, ndipo akafika amafunsa kuti achimwene anga aja alipo. Tsiku lina anatibweretsera usipa m'kajumbo kuchokera kwa amayi aja kutionetsa kuti anawapeza. Mdala wa Chiefs uja atamva anadandaula sabata yonse kuti bwanji sitinamudzutse, anali atagona m'kachipinda kosinthira zovala.

Patangopita milungu yochepa chichitikireni izi, boma linayamba chipikisheni chachikulu chija amachitcha Operation Fiela, apolisi ndi asilikali kugogoda m'mafulati usiku kufuna mapepala, ambiri akumathera ku Lindela, kumalo kosungira alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Lolemba lina nditangofika, ndisanavale n'komwe ovolosi, manejala anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko, pa tebulo pali fotokope ya pasipoti yanga. Zimene tinakambirana m'menemo ndi mmene ndinachokera pa filing'i paja ndidzafotokoza mu gawo 10.