Ulendo wanga kwa osula ma cymbal ku Wuhan

Aliyense woimba ng'oma mu bandi ya kutchalitchi akudziwa kuti chimene chimaboola thumba ndi ma cymbal, mbale zachitsulo zija zimene timamenya ndi ndodo pambali pa ng'oma. Ndodo ikathyoka umagula ina tsiku lomwelo, koma cymbal ya makampani otchuka monga Zildjian, Sabian kapena Paiste mpingo umachita kuikhalira pansi. N'chifukwa chake malume atandiuza kuti ndiwaperekeze ku Guangzhou kokapikula katundu wa mushopu yawo, ndinawapempha kuti, "Malume, mukamakazungulira m'misika, ine mundilole ndikafike ku Wuhan." Anavomera.

Kuchokera ku Guangzhou ndinakwera sitima yothamanga kwambiri ija, pa njanji imene inatsegulidwa mu 2009. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 1,000, koma timadutsa Changsha n'kufika patangotha maola anayi. Wuhan ndi likulu la chigawo cha Hubei, pamene mtsinje wa Han umathira mu Yangtze. Ambiri kwathu dzinali anayamba kulimva mu 2020 chifukwa cha Covid-19, koma ife oimba ng'oma tinalidziwa kale, poti mzindawu ndi wotchuka ndi kusula ma gong ndi ma cymbal. M'mawa ndinadya reganmian, ma noodles osakaniza ndi chitowe chopera amene anthu akumeneko amadya ali chiimire, kenako ndinakwera takisi kupita kunja kwa mzinda kumene kuli osula.

Usanalowe n'komwe, chimene chimakulonjera ndi phokoso. Mkatimo kutentha kwake n'kosasimbika. Chitsulo chimene amagwiritsa ntchito amachitcha B20, kutanthauza magawo 80 a kopa ndi magawo 20 a tin. Amachisungunula n'kuthira m'zikombole, chimatuluka chozungulira ndi chochindikala. Akatero amachibwezera m'ng'anjo mpaka chifiire, n'kuchiphwatalitsa, kuchibwezeranso pamoto, mobwerezabwereza mpaka chipyapyale. Chitsulo chimenechi n'chosachedwa kusweka, ndiye amachiviika m'madzi chikadali chamoto kuti chilole nyundo.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa bambo wina wachikulire amene anakhala pa kampando kakafupi, chipala chili pakati pa miyendo. Dzanja lamanzere linkazunguza cymbal pang'onopang'ono, lamanja likutsitsa nyundo, osayang'ana n'komwe pamene ikugwera. Akamenya kangapo ankainyamula pa chala, n'kuigogoda, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Osakhutira, ankaibwezera pansi. Zala zawo zinali zakuda bii, chala chachikulu chitachita chikanga. Ndinalemba pa foni kuti inditanthauzire, "Bambo, mumadziwa bwanji kuti yapsa?" Iwo anangoloza khutu lawo n'kupitiriza ntchito. Ndinawapatsa ulemu waukulu bambo amenewo, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikamva munthu akunyoza ma cymbal amenewa kuti ndi zachabechabe za ku China.

Imene ndinapitira ndi cymbal ya mtundu uja timautcha "china". Imasiyana ndi cymbal wamba yotchedwa crash chifukwa mlomo wake ndi wopindikira m'mwamba, ndipo kachulu kapakati kamakhala ngati kakapu. Kulira kwake n'kokhakhala, ngati lata lagwa pa simenti, ndipo kumatha msanga. Si yoimbira nyimbo yonse ayi. Ndi ya pamene kwaya yafika pachimake ndipo ukufuna kudula mawu ndi mphamvu.

Ma cymbal a ku Wuhan ndi otchipa, ndipo kutchipa kwake kuli ndi chifukwa chake. Osula samataya nthawi kuzisalalitsa kuti zifanane. Ina upeza m'mphepete mwake ndi mokhotakhota pang'ono, ina zipsera za nyundo zikuonekeratu, ndipo ziwiri za mainchesi 16 zochokera mu ng'anjo imodzi zimatha kulira mosiyana kotheratu. Kwa ine kukhakhala kumeneko ndiye kukoma kwake, koma zikutanthauza kuti kugula osaimva n'kuchita juga. Ndinakhala pansi ndi mulu wonse, ndodo m'manja, kumenya imodziimodzi. Zina zinkalira ngati belu, zimenezo ndinaziika pambali. Ndinasankha ya mainchesi 16 yopyapyala, yoyankha msanga, ndi ya mainchesi 18 ya mawu akuya. Ndalama ya ziwirizo inali yosakwana kugula china imodzi ya makampani otchuka aja.

Mnyamata amene ankandithandiza kusankha anandionetsa zimene zimaswa ma cymbal amenewa, poti ndi opyapyala. Uiike chozondoka pa stand, kachulu kayang'ane pansi, kuti ndodo izigwera pa phewa pamene yapindikira osati pa mlomo penipeni. Nati yomangira cymbal pa stand usaimange kwambiri, kuti cymbalyo izitha kugwedezeka. Pomenya, ndodo izidutsa cham'mbali, osati kukhoma molunjika. Ikayamba kung'aluka, boola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire. Ndipo ngati mumaimbira m'katchalitchi kakang'ono ka malata, tengani ya mainchesi 12 kapena 14, chifukwa yaikulu imamiza oimba.

Pobwerera ndinazikulunga m'majuzi pakati pa chikwama, katoni pamwamba ndi pansi, ndipo zinafika pa bwalo la ndege la Kamuzu zili bwinobwino. Ya 18 ija ndinaipereka ku mpingo. Ya 16 ndimayenda nayo ku maukwati.